Mafunso ndi Mayankho: Kuziziritsa Zipangizo za Sayansi ndi Maswichi Odula Kutentha

Makalata a mwezi uno akhudza nkhani ya zipangizo zofufuzira zomwe sizigwira ntchito pokhapokha zitazizira kwambiri. Ayankha ndi amisiri omwe amakonza ndi kuyendetsa makina oterewa. Tigwiritsa ntchito muyeso wa kelvin, wolembedwa K, womwe umayambira pa malire enieni a kuzizira, −273.15 °C. Chipinda chomwe mwakhalamo chili pafupi ndi 300 K, nayitirojeni wamadzi amawira pa 77 K, heliyamu wamadzi pa 4.2 K.

Ndawerenga kuti chipangizo cha MIRI pa telesikopu ya James Webb chili ndi makina akeake oziziritsa. Kumlengalenga nkozizira kale, nanga makinawo ngachiyani? — Mphunzitsi wa fizikisi, Dedza

Aphunzitsi, chinthu chilichonse chofunda chimatulutsa kuwala kosaoneka ndi maso kotchedwa infrared, kuphatikizapo telesikopu yeniyeniyo. Chipangizo chikafunda, kuwala kwake kumaphimba kakuwala kofooka kochokera kutali, monga mmene phokoso la chigayo limamizira mawu a munthu wonong'ona. Komanso mu detector (kachipangizo kozindikira kuwala) yofunda ma electron amayenda okha ngakhale kulibe kuwala, ndipo chithunzi chimadetsedwa.

James Webb, yomwe inaulutsidwa pa 25 December 2021, ili ndi chotchingira dzuwa cha nsalu zisanu. Mthunzi umenewo pawokha umatsitsa zipangizo zina zitatu kufika pafupi ndi 40 K. MIRI imaona kuwala kwa mafunde aatali, choncho imafuna pansi pa 7 K, ndipo mthunzi sungafikitse pamenepo. Makina ake oziziritsa amayamba ndi pulse tube (firiji yomwe imafinya ndi kufutukula heliyamu mobwerezabwereza mu chubu) ya masiteji atatu, kenaka heliyamu amafinyidwa kudzera pa kabowo kakang'ono nkuzizira akamafutukuka. Mu April 2022 MIRI inafika pa 6.4 K.

Njira yakale inali yonyamula heliyamu wamadzi mu thanki. Telesikopu ya mumlengalenga ya Herschel inanyamula malita oposa 2,300 mu 2009, ndipo atatha mu April 2013 ntchito yofufuza inathera pomwepo. Apa pali nambala yomwe ophunzira anu ayenera kuiloweza: kutentha kwa wati imodzi kumawiritsa malita 1.4 a heliyamu pa ola limodzi. Wati yomweyo imatenga maola pafupifupi 45 kuti imalize lita imodzi ya nayitirojeni. Ngakhale pulse tube yaikulu ya mu labotale, yomwe kompuresa yake imadya makilowati pafupifupi 10, imangochotsa mawati 1.5 pa 4.2 K. Mphamvu yoziziritsa ndi yochepa choncho, nchifukwa chake ntchito yaikulu ya mmisiri ndi kutseka njira zonse zomwe kutentha kungalowere.

Swichi ya magetsi ndikuidziwa. Koma swichi ya kutentha ndi chiyani, ndipo imafunika pati? — Wophunzira za uinjiniya, Blantyre

Ndi kachipangizo kolumikiza zigawo ziwiri kuti kutentha kudutse, kenaka nkudula njirayo ikafika nthawi. Vuto lomwe imathetsa ndi ili. Gawo lozizira kwambiri limayenera kupachikidwa ndi zinthu zosadutsa kutentha. Koma likakhala lotalikitsidwa chotere, mudzaliziziritsa bwanji poyamba? Kilogalamu imodzi ya kopa imafuna kuti muchotsemo majulo pafupifupi 79,000 kuchoka pa 300 K kufika pa 4 K, ndipo kudzera m'zopachikira zokhazo zingatenge masabata. Swichi imalumikiza gawolo ku mbale yozizira ya makina oziziritsa mpaka zifanane, kenaka imadula kuti gawolo lipitirire kutsika lokha.

Imafunikanso pa mafiriji ogwira ntchito mobwerezabwereza, monga a heliyamu-3 (mtundu wopepuka wa heliyamu) omwe ankasunga ma detector a zipangizo za PACS ndi SPIRE pa Herschel pa 0.3 K. Ndipo setilaiti ikakhala ndi makina oziziritsa awiri, amodzi osungira, ozimitsidwawo amasanduka msewu wolowetsa kutentha ngati palibe chowadula.

Swichi ya magetsi ikadula imadula kotheratu, koma ya kutentha nthawi zonse imadontha pang'ono. Opanga amakonda kutchula mmene swichi imadutsira kutentha ikalumikiza. Ife timalangiza kuti muziyamba kufunsa kuchuluka kwa kudontha kwake ikadula, chifukwa ikalumikiza imagwira ntchito ola limodzi kapena awiri, pamene yodula imakhala tsiku lonse ikudya kuzizira kwanu.

Tikufuna kupanga swichi ya mpweya, ija amati gas-gap, yogwira pa 4 K. Tiuzeni zigawo zake ndi miyeso. — Mmisiri wa mu labotale, Cape Town

Achimwene, mtundu umenewu ndi womwe timaudalira kwambiri chifukwa mulibe chosuntha. Pamafunika zidutswa ziwiri za kopa woyeretsedwa bwino, chimodzi cha mbali yofunda, china cha mbali yozizira. Zimalowana ngati zala za manja awiri, kapena ngati ndodo mkati mwa paipi, koma osakhudzana. Mpata wake ukhale wa pakati pa mamilimita 0.1 ndi 0.5. Kunja kwake kumakhala chubu chopyapyala chogwira zidutswazo ndi kutsekera mpweya, cha chitsulo chosachita dzimbiri kapena cha titaniyamu wosakaniza. Pomaliza pali kachibotolo kakang'ono ka makala okonzedwa mwapadera, kawirikawiri a zikamba za kokonati, kolumikizidwa ku swichi ndi kapaipi kakang'onong'ono. Kachibotoloko kamakhala ndi hita ndi thermometer.

Makala akazizira pansi pa 10 K amamwa heliyamu yense wa mu mpata, mumatsala vakyumu (malo opanda mpweya), swichi yadula. Mukawatenthetsa kufika pa 15 mpaka 20 K amalavula mpweyawo, ndipo kutentha kumawoloka mpata. Ubwino wina ngwakuti pamene makina akuyamba kuzizira kuchokera ku 300 K makala amakhala ofunda, choncho swichi imakhala yolumikiza yokha popanda kuiyatsa.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Pa 4 K mpweya wa heliyamu umadutsa kutentha pafupifupi 0.009 W pa mita pa kelvin. Tinene kuti nkhope zoyang'anana zili ndi masikweya sentimita 10, mpata uli mamilimita 0.2. Chulukitsani 0.009 ndi 0.001, gawani ndi 0.0002, mupeza 0.045 W pa kelvin, ndiye kuti mamiliwati 45 pa kelvin. Tsopano ikadula, njira yotsala ndi chubu. Tinene chili mamilimita 10 m'mimba mwake, khoma lake mamilimita 0.1, kutalika masentimita 5. Chitsulo chosachita dzimbiri pa 4 K chimadutsa pafupifupi 0.27 W pa mita pa kelvin, ndipo masamu akupatsani mamaikulowati 17 pa kelvin. Kusiyana kwake ndi pafupifupi ka 2,600. Mukapanga zenizeni mudzapeza zocheperapo, popeza zala za kopazo ndi malo omangira bawuti nazo zimatchinga kutentha pang'ono.

Yesero lalikulu ndi lochepetsa mpata kuti swichi ilumikize mwamphamvu. Samalani. Kuchoka pa 293 K kufika pa 4 K kopa amafupika ndi 0.33 peresenti, chitsulo chosachita dzimbiri 0.30, titaniyamu 0.15 yokha. Chubu chikapindika pang'ono powotcherera, zala zimakhudzana zikazizira ndipo swichi sidulanso. Powotcherera ikani timapepala tachitsulo toyezera mpata, muchotse pambuyo, ndipo nsonga za zala muzisiyire malo otakasuka kuposa m'mbali.

Pa kuchuluka kwa mpweya, mu mpata mukakhala pafupifupi 1 mbar (gawo limodzi mwa magawo 1,000 a mphamvu ya mpweya womwe timapuma) pa 4 K nkokwanira. Kuwonjezera pamenepo sikuwonjezera kadutsidwe ka kutentha, kumangochedwetsa kudula. Musanathire mpweya, popani swichi uku mukutenthetsa makala kupitirira 100 °C kwa maola angapo kuti chinyezi chichoke, chifukwa madzi akakhala m'timabowo ta makala heliyamu amasowa pokhala. Yesani kudontha kwa mpweya ndi makina ofufuzira heliyamu mpaka 10⁻⁹ mbar·L/s, viikani swichi mu nayitirojeni wamadzi kangapo, yesaninso. Mukathira mpweya, finyani kapaipi ka kopa kothirira mpaka katsekeke nkudula.

Kachibotolo ka makala kamafuna kawaya kopyapyala kokalumikiza ku mbale ya 4 K. Kakakhala konenepa, hita imafuna mphamvu yambiri ndipo kutentha konseko kumathera pa mbale yanu. Kakaonda kwambiri, makala amachedwa kuzizira ndipo mumadikira nthawi yaitali swichi isanadule. Werengerani kuti mamiliwati ochepa azikwanira kufikitsa makala pa 20 K.

Ngati mbali yozizira idzatsika pansi pa 2.17 K, musagwiritse ntchito heliyamu-4, yemwe ndi heliyamu wamba. Pamenepo amasanduka madzi oyenda popanda chowagwira, amakwawa pa makoma ngati kansalu kopyapyala ndipo amadutsitsa kutentha pamene mukuyesa kuti mwadula. Thirani heliyamu-3, ngakhale ngokwera mtengo kwambiri.

Swichi yathu ikuoneka kuti sikudula. Gawo lozizira likukana kutsika ngakhale hita tazimitsa. Tiyambire pati? — Wofufuza, Manchester

Yambani ndi thermometer ya pa makala. Ngati ikuwerenga 12 K kapena kuposerapo, makalawo akufunditsidwa ndi china chake: mawaya a hita osamangidwa pa mbale yozizira, kapena kuwala kochokera pa kabowo ka chotchinga chofunda. Khoma lakuda la 300 K limatumiza mawati pafupifupi 460 pa sikweya mita, choncho bowo la sikweya milimita imodzi likhoza kulowetsa pafupifupi theka la miliwati, zokwanira kusokoneza makala. Matani mabowo onse ndi tepi ya aluminiyamu.

Ngati makala ali ozizira bwino, yesani kadutsidwe. Ikani mphamvu yodziwika pa hita ya gawo lozizira, dikirani zikhazikike, gawani mphamvuyo ndi kusiyana kwa matenthedwe. Mukapeza nambala yokulirapo ka 10 kapena ka 100 kuposa ya chubu, ndipo sikusintha ngakhale mudikire usiku wonse, zala zakhudzana. Kawirikawiri cholakwa ndi chingwe cha kopa cholimba chomwe chikukokera swichi chammbali. Gwiritsani ntchito chingwe cholukidwa chofewa mbali imodzi. Koma nambala ikamatsika pang'onopang'ono kwa maola ambiri, ndiye kuti mpweya ukuchoka mochedwa: kapaipi nkopapatiza, kapena makala adzaza chinyezi, kapena munathira mpweya wochuluka.

Mwinanso swichi ilibe mlandu. Heliyamu akadontha mu vakyumu ya cryostat yonse (chidebe chosungiramo zigawo zonse zozizira), chilichonse chimalumikizana ndi chinzake. Mpweya wina monga nayitirojeni ndi okosijeni umaundana pa makoma a 4 K, koma heliyamu saundana, amangoyendayenda akunyamula kutentha. Izi ndi zomwe zinapha chipangizo cha XRS pa setilaiti ya Suzaku ya ku Japan. Inaulutsidwa mu July 2005, detector inafika pa 0.06 K bwinobwino, koma mpweya wa heliyamu womwe unkatuluka mu thanki unabwerera mu vakyumu, ndipo pofika pa 8 August heliyamu yense wamadzi anali atawira. Mu labotale, ikani makina oyesera kudontha pa paipi yopopera pamene cryostat ili yozizira, chifukwa ming'alu ina imatseguka pozizira pokha. Kuika makala owonjezera pa mbale ya 4 K kumathandiza kwa kanthawi, koma bowo liyenera kupezeka.

Kodi 0.05 K amafikako bwanji, ndipo swichi imalowa pati? — Wophunzira, Zomba

Pali njira ziwiri zazikulu. Yoyamba ndi yosakaniza heliyamu-3 ndi heliyamu-4, yomwe imafika pafupi ndi 0.01 K ndipo ndi yomwe imaziziritsa makompyuta ambiri a quantum. Setilaiti ya Planck inagwiritsa ntchito mtundu wina wa njirayi kusunga ma detector pa 0.1 K. Yachiwiri, yomwe singayende popanda swichi, ndi ya maginito ndi mchere, yotchedwa ADR. Peter Debye ndi William Giauque anaiganizira aliyense payekha mu 1926 ndi 1927, ndipo mu 1933 Giauque ndi MacDougall anafika nayo pa 0.25 K.

Mcherewo si wa m'ndiwo. Ndi makhiristo monga ferric ammonium alum kapena chromium potassium alum, omwe muli maatomu okhala ngati timaginito ting'onoting'ono tolozaloza paliponse. Mumalumikiza swichi, nkukweza maginito pang'onopang'ono kufika pa matesila (muyeso wa mphamvu ya maginito) 2 mpaka 4. Timaginito tija timafola mzere ndipo mchere umatulutsa kutentha, komwe kumadutsa pa swichi kupita ku mbale yozizira. Mchere ukazizira kufanana ndi mbale, mumadula swichi, kenaka mumatsitsa maginito. Timaginito timafuna kubalalikanso, ndipo mphamvu yobalalikira timaitenga ku kutentha kwa mchere weniweniwo. Mukafika pa 0.05 K simutsitsa zonse. Mumasiya pang'ono nkumatsitsa mwakachetechete kuti mufafanize kutentha kolowa. Maginito akafika pa ziro, mumayambiranso. Chipangizo cha Resolve pa setilaiti ya XRISM, yomwe inaulutsidwa mu September 2023, chimagwira pa 0.05 K ndi ADR ya masiteji atatu.

Zolakwika zake nzodziwika. Mukadula swichi mchere usanazizire mokwanira, nthawi yogwira ntchito imafupika kwambiri. Mukasintha maginito mothamanga, mu zitsulo mumabuka magetsi ozungulira omwe amafunditsa, nchifukwa chake mchere amaumeretsa pa timawaya tambiri topyapyala ta golide kapena kopa m'malo mwa chitsulo chachikulu chimodzi. Ferric ammonium alum amasungunuka pafupi ndi 40 °C, choncho musatenthetse cryostat pofuna kufulumizitsa vakyumu mchere uli momwemo, ndipo musausiye m'galimoto padzuwa. Zingwe za Kevlar zopachikira mchere zimatalika pang'ono zikazizira komanso zikakhalitsa, choncho zimafuna sipuling'i yozikoka, apo ayi mchere umakhudza khoma la maginito.

Pansi pa 0.1 K mpweya uliwonse umakakamira pa makoma, ndipo pamenepo pamagwira swichi ya chitsulo cha superconductor, chomwe chimadutsa magetsi popanda chowatchinga. Aluminiyamu woyera amasanduka superconductor pansi pa 1.2 K, ndipo akatsika kufika gawo limodzi mwa magawo 10 a nambalayi amasiya pafupifupi kotheratu kudutsa kutentha. Mukamuzinga ndi kakoyilo kopereka mamilitesila oposa 10, amabwerera kukhala chitsulo wamba ndipo swichi yalumikiza. Vuto lake ndi mphamvu ya maginito yotsalira mkati mukazimitsa koyilo, yomwe imasiya tinjira todutsa kutentha.

Zilikonso zamakina, zogwira ngati pulayala yopana ndodo ya kopa yokutidwa golide. Izi zikadula zimaduliratu chifukwa palibe chokhudzana, koma zimafuna mota ndi mphamvu yaikulu yopanira, ndipo zikamatsegula zimagwedeza gawo lozizira nkulifunditsa pang'ono.

Timamanga mabawuti mwamphamvu, koma zikazizira detector imakhala yofunda ndi 2 K kuposa mbale. Chifukwa chiyani? — Mmisiri, Lusaka

Onani zitsulo zomwe mwaphatikiza. Aluminiyamu amafupika ndi 0.41 peresenti, bawuti ya chitsulo chosachita dzimbiri ndi 0.30. Aluminiyamu wopanidwa ndi bawuti yotereyi amafupika kuposa bawutiyo, ndipo mfundo imamasuka yokha. Ikani mawashala a sipuling'i aja a Belleville, kapena washala wa chitsulo cha Invar chomwe sichifupika kwenikweni. Pa kopa, bawuti ya bulasi ndi yabwino popeza imafupika ndi 0.38 peresenti, kuposa kopa, choncho imalimba ikamazizira. Mu vakyumu kutentha kumadutsa pa timfundo tokhudzana tokha, ndipo chofunika ndi mphamvu yopanira osati kukula kwa nkhope. Chotsani dzimbiri la kopa, kutani nkhope ndi golide ngati nkotheka, kapena pakani girisi wa Apiezon N wochepetsetsa, kapena ikani kapepala ka indium ka mamilimita 0.1.

Kenaka onani mawaya. Waya mmodzi wa kopa wa mamilimita 0.25, wotalika mita imodzi, amabweretsa mamiliwati pafupifupi 8 kuchoka ku 300 K kufika ku 4 K. Wa chitsulo chosakaniza cha manganin wofanana naye amabweretsa zosakwana gawo limodzi mwa magawo 20 a zimenezi. Aliyense azikulungidwa ndi kumatidwa pa siteji iliyonse asanafike ku detector. Zogwirizira nazo nchimodzimodzi: chubu cha chitsulo chosachita dzimbiri cha mamilimita 10, khoma 0.25, kutalika masentimita 20, chimatsitsa mawati 0.12 ku 4 K. Mukachimangirira pakati pa chotchinga cha 50 K, zofika pansi zimangokhala pafupifupi mawati 0.01.

Thermometer nayo imanama. Ya platinum siithandiza pansi pa 20 K, silicon diode imagwira mpaka pafupi ndi 1.5 K, ndipo pansi pa 1 K pamafunika thermometer ya Cernox kapena ya ruthenium oxide yoyesedwa ndi mawaya anayi ndi magetsi ochepetsetsa kuti isadzifunditse yokha.

Ine si wa labotale, ndimasunga umuna wa ng'ombe mu chotengera cha nayitirojeni wamadzi. Posachedwapa kunja kwa chotengera kwayamba kugwira chisanu ndipo nayitirojeni akutha msanga. Nditseke chivundikiro mwamphamvu? — Mlangizi wa ziweto, Thyolo

Ayi bambo, musatseke. Chivundikirocho anachipanga chomasuka dala. Lita imodzi ya nayitirojeni wamadzi imasanduka malita pafupifupi 700 a mpweya, ndipo chotengera chotsekedwa chimaphulika.

Chotengera chanu ndi mbale wake wa fulasiki ya tiyi, yomwe James Dewar anapanga mu 1892: makoma awiri, pakati pake vakyumu ndi nsalu zonyezimira zambiri. Chisanu kapena thukuta pa khoma lakunja ndi chizindikiro choti vakyumu yawonongeka, kawirikawiri chifukwa khosi lasweka pogwa kapena pogubuduzika m'galimoto. Samutsirani umuna mu chotengera china lero lomwe, chifukwa chotere chikhoza kuuma pa tsiku limodzi. Chatsopanocho muziyeza ndi ndodo sabata iliyonse nkulemba, kuti kutha kwachilendo muzikuona msanga.

Musachinyamule m'galimoto yotseka mawindo kapena kuchisunga m'kachipinda kopanda mpweya. Malita 25 akawira onse m'chipinda cha mamita 3 ndi 4 ndi 3, okosijeni amatsika kuchoka pa 21 peresenti kufika pafupi ndi 11, ndipo munthu amakomoka asanazindikire kanthu popeza nayitirojeni alibe fungo. Valani magalasi oteteza maso ndi magolovesi omasuka oti muvule msanga, ndipo buluku likhale kunja kwa jombo kuti madziwo akatayika asalowe ku phazi.